Koleji ya ku Salisbury sinkapereka digiri yakeyake

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhe mlembi wa nkhani ya mbiri ya maphunziro apamwamba yomwe munasindikiza Lamulungu lapitali. Katatu konse iye analemba kuti "Yunivesite ya Rhodesia ndi Nyasaland" inkapereka madigiri ake m'nthawi ya Chitaganya, ndiponso kuti madigiriwo ankalemekezedwa kunja chifukwa Mfumukazi inasainira chikalata. Kodi nkhaniyi inadutsa m'manja mwa yani isanapite ku makina? Yunivesite ya dzina limenelo sinakhaleko ngakhale tsiku limodzi.

Chomwe chinalipo ndi University College of Rhodesia and Nyasaland. Inali koleji, ndipo kusiyana kwake si kwa dzina chabe. Inalandiradi chikalata chachifumu mu 1955, n'kuyamba kuphunzitsa mu 1957 ku Mount Pleasant mumzinda wa Salisbury, womwe lero ndi Harare, ndi ophunzira 68. Koma womaliza maphunziro ankatuluka ndi digiri ya University of London. Ophunzira udokotala, omwe anayamba mu 1963, ankalandira ya University of Birmingham. Mlembi wanu akadangopempha mdala mmodzi wophunzira kumeneko kuti amuonetse pepala lopachikidwa pabalaza, bwenzi ataona yekha chidindo chili pamenepo.

Mwina wasokoneza Salisbury ndi Sydney, poti onse ayamba ndi S. Ku Sydney n'komwe Mfumukazi Victoria inapereka chikalata mu 1858 chonena kuti madigiri a yunivesite ya kumeneko aziwerengedwa mofanana ndi a mayunivesite a ku Britain. Makoleji a mu Africa sanapatsidwe ulemu wa pakamwa woterowo. Anaugwirira ntchito chaka ndi chaka pansi pa diso la London, potsatira lipoti la 1945 la komiti ya Asquith, yomwe boma la Britain linakhazikitsa kuti iunike maphunziro apamwamba m'maiko omwe linkalamulira. Makoleji a ku Ibadan (ku Nigeria) ndi ku Gold Coast (lero ndi Ghana) analowa m'dongosolo lopereka madigiri a London limeneli mu 1948, Makerere (ku Uganda) mu 1949, Salisbury n'kubwera pambuyo.

Zinkayenda chonchi, ndipo apa mlembi wanu atenge cholembera. Aphunzitsi a pakoleji ankakonza silabasi, ndipo ankaloledwa kuikamo za kwawo, monga mbiri ya Africa kapena zomera za m'derali. Silabasiyo inkapita ku London, komwe komiti ya phunzirolo inkaivomereza kapena kuibweza kuti akaikonzenso. Nthawi ya mayeso, mphunzitsi wa pakoleji ankalemba mafunso, koma woyesa wa ku London ankatha kuwasintha kapena kuwataya. Ngakhale mphunzitsiyo sankangodzipatsa udindo woyesa ana ake. London ndiyo inkamusankha. Ophunzira akalemba, mapepala ankachongedwa pakoleji kaye, kenako n'kutumizidwa kutsidya kwa nyanja kuti akachongedwenso, ndipo mawu omaliza oti uyu wakhoza pamlingo wanji anali a London. Olemba ntchito ku Lagos kapena ku Manchester ankakhulupirira pepalalo chifukwa ankadziwa kuti munthu wosadziwa nkhope ya wophunzirayo, wosadziwa bambo ake, wosadya naye nsima, ndiye anawerenga mayankho ake.

Ndipo si kuti zonse zinali bwino, monga nkhani yanu ikufuna kutinamiza. Salisbury inkafuna kuti wolowa akhale atakhoza A-level, mayeso apamwamba a ku sekondale olembedwa pambuyo pa Fomu 6. Ku Nyasaland sukulu za sekondale zinali zowerengeka ndi zala: Blantyre inatsegulidwa mu 1940, Zomba mu 1942, Dedza mu 1951. Mwana wa ku Ntchisi kapena ku Chitipa akanaitenga kuti A-level imeneyo? Chotsatira chake, dzina la dziko lathu linali pachipata cha koleji, koma ana athu m'kalasi anali ochepa zedi, ndipo ena anapitiriza kulowera ku Makerere ndi ku Fort Hare ku South Africa, komwe a Kanyama Chiume ndi a Masauko Chipembere anadutsa kale. Mlembi wanu sanatchule zimenezi ngakhale mzere umodzi, koma anapeza malo otiuza za kukongola kwa nyumba za pakoleji.

Komanso chobwereka chimabwerera kwa mwini wake. Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu ku Rhodesia, atalengeza ufulu wake wosavomerezeka mu 1965, ubale ndi London ndi Birmingham unayamba kuzilala mpaka unatha, ndipo mu 1971 kolejiyo inasanduka University of Rhodesia, kenako University of Zimbabwe mu 1980. Ife tinali titasankha kale njira ina. University of Malawi, yomwe inayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu 1965, ndi University of Zambia mu 1966, zinaganiza zopereka madigiri awoawo ndi kutenga ana ochokera ku sekondale opanda A-level, n'kuwaphunzitsa zaka zinayi m'malo mwa zitatu. Chimodzi chokha sanachitaye: oyesa ochokera ku mayunivesite ena obwera kudzaona mafunso ndi mapepala ochongedwa.

Chikundipweteka mutu n'chakuti bodza loti ulemu wa digiri umachokera m'chikalata ndi lomwe likudyetsa anthu ena lero. Makoleji akumera pamwamba pa masitolo, pawailesi n'kumalengeza kuti mapepala awo ndi ovomerezeka dziko lonse lapansi. Ovomerezeka ndi yani? Kholo lagulitsa fodya ndi ng'ombe, mwana wavala mkanjo, tavina, kenako akafunsira ntchito kapena sukulu kunja akumuuza kuti pulogalamu yakeyo palibe amene anaiunika. Bungwe loona za maphunziro apamwamba la National Council for Higher Education (NCHE) linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti lizilembetsa makoleji ndi kuunika mapulogalamu awo, ndipo kulembetsedwa kwa koleji si kuvomerezedwa kwa pulogalamu iliyonse yomwe ikuphunzitsa. Makolo angati amadziwa kusiyana kumeneku?

Konzani cholakwikacho patsamba lomwelo, osati pakona pansi pa zamaliro. Ndipo sabata iliyonse yomwe mwalandira ndalama za malonda a koleji, funsani eni ake mapulogalamu omwe anavomerezedwa ndi mayunivesite omwe oyesa awo akunja amachokera, musindikize pambali pa malondawo.

Wowerenga wanu,
Zomba