Mwana wanga, mabuku aja akadali m'katoni

Mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, kaya iwe kumeneko. Mwendo wa bambo ako wayamba kupepuka, akumafika okha kudimba. Kumunda wa kumtunda tamaliza kugalauza, watsala wa kudambo, ndipo madzulo mitambo yayamba kusonkhana.

Amalume ako anafika Loweruka. Ine sindinawafunse, anayamba okha kunena kuti katoni ya mabuku ija ikadali pansi pa bedi, chingwe chomwe ndinamangira chisanamasulidwe n'komwe. Miyezi 7, mwana wanga. Akuti atakufunsa za kulembetsa mayeso a MSCE kuti ubwereze masamu unati uona malipiro akatuluka. Mawu omwewo ndi amene unandiuza chaka chatha mpaka tsiku lotsekera linakudutsa.

Ulesi ulibe, izo ndikudziwa. Munthu woima m'sitolo kuyambira m'mawa mpaka 5 koloko, uku akunyamula matumba a simenti, sangatchedwe mlesi. Matenda ako ndi mawa. Unali nawo ukadali ku pulaimale. Aphunzitsi akakupatsa masamu okalembera kunyumba unkayamba n'kusongola pensulo, kusongola mpaka itsale kachidutswa, kenako kujambula mizere ya m'mbali kope lonse ndi rula, dzuwa n'kulowa usanalembe nambala ndi imodzi yomwe. Tinkaseka nthawi imeneyo. Pano sindikusekanso, Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tiye tiwerengere limodzi. Pa masamu unapeza 7, komwe ndi kukhoza chabe. Kirediti imayambira pa 6, ndipo popanda iyo makalata ako a ku koleji azingobwerera. Pakati pa 7 ndi 6 palibe phiri ayi. MSCE imalembedwa cha kumapeto kwa Juni kapena mu Julayi. Ukayamba pa 1 Novembala uli ndi masabata 34, ndipo ola limodzi patsiku, masiku 6 pasabata, ndi maola 204. Ukati Khirisimasi idutse kaye, atsala cha m'ma 150. Ukadikira mpaka Epulo monga ndikukudziwira, utsala ndi maola 78 okha, ndiye uyambe zochezera usiku wonse mutu uli waa, osagwira kanthu. Masamu ali ngati kupalira. Udzu ukausiya masabata atatu oyamba chimanga chitamera, chimanga chimaonda n'kuchita chikasu, ndipo ngakhale udzapalire mwamphamvu bwanji pambuyo pake sichibwereranso mwakale.

Choyamba sichikufuna buku. Lolemba pa nthawi ya nkhomaliro upite kusukulu yomwe ukufuna kukalemberako, ukafunse zinthu zitatu: tsiku lotsekera kulembetsa, ndalama zake, ndi zimene akufuna ubweretse. Ukazilembe papepala, usadalire mutu. Malipiro akangotuluka, tsiku lomwelo, ndalama ya mayeso ichoke m'manja mwako usanagule ndiwo kapena bandulo. Ngati kulipira sikunatsegulidwe, umutumizire mlongo wako akusungire. Ndalama yokhala mu foni yako imatha ndi ma K500 osadziwika kumene alowera.

Tsopano za kuwerenga. Chimene chimakulepheretsa kuyamba n'chakuti umadziuza kuti lero ndiwerenga masamu. Imeneyo si ntchito yoti munthu n'kuigwira, ilibe mutu ilibe mchira, ndiye mtima umaithawa n'kuthamangira kuchapa nsapato. Ntchito yeniyeni imamveka chonchi: mafunso 5 a logarithms, tsamba lakutilakuti. Uzisankha usiku usanagone, osati m'mawa. Ulembe pakapepala, utsegule buku pa tsamba lomwelo, uike kope, pensulo yosongola kale, rula ndi calculator pamwamba pake, mpando uukokeretu. Ukadzuka pasakhale choganiza kapena chofunafuna. Munthu akayamba kufufuza pensulo m'bandakucha, bulangete limamuitana ndipo amabwereradi.

Nthawi yako ndi m'mawa. Madzulo usadzinamize, umafika thupi litatheratu, ndipo anzako aja amakhala akukudikira ku mpira. Udzuke 4:30, usukusule ndi madzi ozizira, ukhale pampando mpaka 5:30, kenako uzikonzekera za kuntchito. Koma 4:30 imakonzedwa ndi 9:30 ya dzulo lake. Ukagona 12 koloko ukuseweretsa foni, alamu udzaizimitsa osadziwa n'komwe kuti waizimitsa. Masiku anayi kapena asanu oyamba udzamva tulo masana, usadabwe nazo, thupi limazolowera.

Foni imeneyo ndiyo ndikuiopa kwambiri. Usagone nayo kumutu. Uziika patali, pawindo kapena pamwamba pa kabati, kuti alamu ikalira uchite kudzuka n'kuyenda. Ukaizimitsa uisiye pomwepo chafufumimba, data ili yotseka, mpaka ola lako lithe. Ukangoti ndione kaye WhatsApp kamodzi, mphindi 40 zapita, ndipo mutu wadzaza kale ndi nkhani za eni. Ukafuna kuona nthawi gula kawotchi kotchipa pamsika. Nyale ya sola ija ndinakupatsa uziyanika padzuwa tsiku lililonse usanapite kuntchito, kuti magetsi akazima usapeze ponamizira. Ndikukudziwa iwe, ukapeza chifukwa chimodzi umachisamala ngati dzira.

Tsiku lomwe mtima ukukaniratu, usalimbane nawo za ola lathunthu. Udziuze kuti ndipanga funso limodzi lokha, mphindi 10, ndikatha ndidzuka. Nthawi zambiri ukatha limodzilo umapezeka wayamba lachiwiri, chifukwa cholemera ndi kukhala pampando, masamuwo akayamba amayenda. Ngati mphindi 10 zatha ndipo zakanikadi, dzuka, tsikulo lawerengedwa. Ola lenilenilo uziligawa pawiri: mphindi 25, uimirire pang'ono n'kumwa madzi, kenako mphindi 25 zina. Zotsalazo ndi zochonga.

Pamene ambiri amadzinamiza ndi apa. Amatsegula buku n'kumayang'ana chitsanzo chomwe chasovedwa kale, mutu ukugwedezeka kuti ndamva, ndamva. Kuyang'ana si kudziwa. Werenga chitsanzo kamodzi, tseka buku, uchisove wekha papepala loyera. Ukakakamira pakati, pamenepo ndiye pali dzenje lako, ndipo ndi bwino uligwere lero kusiyana ndi m'chipinda cha mayeso. Ukhale ndi kope lina laling'ono la zolakwa zokhazokha. Funso lililonse lomwe walakwa ulilembemo, ndi chifukwa chake: kodi unaiwala formula, unasokoneza chizindikiro cha kuchotsera, kapena sunawerenge funso mpaka kumapeto? Funso lomwelo ulibwereze mawa lake, kenako pakatha sabata, kenako pakatha mwezi. Ukalikhoza katatu konseko ulidule ndi mzere. Kope limeneli ndi lomwe udzawerenge sabata yomaliza, osati buku lonse.

Ndipo usamangobwereza zimene umazikonda. Ndikudziwa ma sets ndi statistics umazimva, ndiye udzafuna kukhala pomwepo mwezi wathunthu kuti uzidzimva wanzeru. Zomwe zinakugwetsa ndi trigonometry ndi circle geometry, unanena wekha utatuluka m'mayeso, nkhope ili gwaa. Masiku anayi pasabata apite ku zovutazo, awiri ku zomwe umazitha. Chikakukanika masiku awiri otsatizana usachisunge, ukafunse. Mphunzitsi wa masamu aliyense wa pafupi nawe, ngakhale mwana wa folomu 4 wa nyumba yoyandikana nayo. Manyazi ako aja ofunsa munthu wamng'ono kwa iwe uwasiye, sadzakulembera mayeso.

Kuyambira Januwale, Lamlungu limodzi pamwezi ukaweruka ku tchalitchi, utenge pepala lathunthu la mayeso a MANEB a zaka za m'mbuyomu, ulembe ndi wotchi, nthawi yomwe yalembedwa pamwamba pa pepalalo, osatsegula buku, osadzuka. Kuyambira Epulo uzitero sabata iliyonse. Malikisi oyamba adzakhala ochititsa manyazi. Uwalembe ndithu pachikuto cha kope ndi deti lake, kuti a mwezi wotsatira akhale ndi powayerekeza.

Kalendala ija ya kusitolo kwanu uipachike pamwamba pa tebulo. Tsiku lililonse lomwe wakhala pampando uchonge ndi bolopeni yofiira, ngakhale linali la mphindi 10 lija. Udzaphonya masiku ena, kudzagwa maliro, malungo adzakugwira, zimenezo n'za moyo. Koma ukaphonya limodzi, lotsatira lisaphonyeke. Ndipo usamati poti dzulo sindinawerenge lero ndipanga maola atatu. Ngongole yotero imakula mpaka umaopa kuyang'ana tebulo, kenako umati basi ndidzayambiranso mwezi ukayamba. Apo ndiye mawa uja wabweranso atavala malaya ena. Dzulo likapita lapita, lero ndi ola limodzi basi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Usayambenso zambiri nthawi imodzi. Ndikukuona kale ukugula makope atsopano asanu, kujambula ndandanda yokongola ya mitundumitundu, kulonjeza kuthamanga m'mawa, kusiya mpira, kusiya zonse. Zimenezo ndi kusongola pensulo kuja. Mwezi woyamba chinthu ndi chimodzi: 4:30, mpando, mafunso 5. Mpira wa Loweruka uzikaonera ndithu, sindinakuletse, bola wa pakati pa sabata wothera usiku uja uusiye mpaka Julayi.

Ndalankhula mokalipa, usakhumudwe. Ndi iwe yemwe unkawerengera agogo ako ndalama za fodya uli sitandade 5 osaphonya ngakhale tambala, iwo n'kumakutamanda mudzi wonse. Mutu ulipo. Bambo ako sanena zambiri, koma fomu ya koleji ija anaisunga m'Baibulo mwawo mpaka lero.

Mlongo wako ndamuuza kuti Loweruka lililonse madzulo uzimutumizira chithunzi cha kalendala ndi tsamba limodzi lomwe wasova. Akapanda kulandira azindiuza, ndipo usamukwiyire, ndamutuma ndine. Ufa ndi mtedza ndapatsira amalume ako, abwera nazo Lachisanu. Chingwe cha katoni ija umasule lero lomwe usanagone, uchisunge, udzamangire thumba pobweza. Lolemba madzulo ndiimba kuti undiuze tsiku lotsekera ndi ndalama zake.

Ndine mayi ako.