Kusiyana maganizo pa za mkwatulo si chilolezo chotchula tsiku

Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya mkwatulo, imene inatekesa anthu mu Seputembala 2025, pamene uthenga wochokera ku South Africa unafala pa TikTok ndi pa WhatsApp wonena kuti Ambuye adzatenga mpingo wawo pa 23 kapena pa 24 mwezi womwewo. Masiku amenewo ambiri a ife mitima inali m'mwamba podikira zotsatira za chisankho, koma analipo ena amene ankadikira lipenga. Ndatumikira ngati mkulu wa mpingo kwa zaka zambiri, ndipo chimene chandilembetsa kalatayi ndi zimene ndinaona ndi maso anga.

Mayi wina wamasiye, amene timapemphera naye mumlaga umodzi, anali ndi mbuzi ziwiri zimene ankasunga kuti adzagulire feteleza. Atamva uthengawo pa foni ya mdzukulu wake, anagulitsa mbuzizo pa mtengo wolira, ndalama n'kuzigawa, ndipo khasu analipachika munda usanathe kusosedwa. Pa 25 m'mawa ndinamupeza atakhala pakhonde, khola lili pululu, ndipo sanathe kundiyang'ana kumaso. Mayiyu si wopepera ayi. Amadziwa Baibulo lake bwino, koma palibe anamuuzapo kuti masiku otere akhala akutchulidwa kambirimbiri, ndiponso kuti chiphunzitso cha mkwatulo wachinsinsi chimene ankachimva pa wailesi si chokhacho chimene Akhristu amakhulupirira.

Mawu akuti mkwatulo amachokera pa 1 Atesalonika 4:16-17, pamene Paulo akunena kuti akufa mwa Khristu adzayamba kuuka, kenaka amoyo adzakwatulidwa nawo pamodzi m'mitambo kukakumana ndi Ambuye. Pa zimenezi Akhristu satsutsana. Mpungwepungwe umabuka pofunsa kuti kukwatulidwako kudzachitika pa nthawi iti poyerekeza ndi chisautso chachikulu, nthawi ya mavuto oopsa imene Baibulo limati idzafika kumapeto kwa dziko. Ena, makamaka m'mipingo yambiri ya Chipentekoste ndi ina ya Chibaptisti, amati mpingo udzachotsedwa chisautso cha zaka 7 chisanayambe, ndipo amatsamira pa 1 Atesalonika 5:9 ndi Chivumbulutso 3:10, komanso pa sabata yotsiriza mwa masabata 70 a pa Danieli 9. Ena amati udzachotsedwa pakati pa zakazo, zitatha zitatu ndi theka. Enanso amawerenga Mateyu 24:29-31, pamene kusonkhanitsidwa kwa osankhidwa kukutchulidwa pambuyo pa chisautso, n'kunena kuti mpingo udzapyola m'mavutowo monga mmene unapyolera m'mazunzo a mafumu a Roma. Mpingo wa Katolika ndi mipingo yambiri ya chiphunzitso cha Calvin, kutsatira njira imene Augustine anaiunikira kalekale, saona kubwera kwa Khristu kuwiri konse (kwachinsinsi kodzatenga mpingo, kenaka kwapoyera), koma kubwera kumodzi koonekera kwa onse, ndipo zaka 1,000 za ulamuliro wa Khristu za pa Chivumbulutso 20 amazimva mophiphiritsa.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti chiphunzitso choyambacho, cha mkwatulo wachinsinsi chisautso chisanayambe, ngakhale ndicho chimamveka kwambiri pa mawailesi ndi m'misonkhano ya chitsitsimutso, si chakale kwenikweni m'maonekedwe amene tikuchidziwira lero. Anachifotokoza mwadongosolo ndi John Nelson Darby wa gulu la Plymouth Brethren m'zaka za m'ma 1830, ndipo chinafalikira kwambiri ku America kudzera mu Baibulo la ndemanga la Scofield la mu 1909. Sindikunena izi pofuna kuchinyoza, pakuti ndili ndi abale okhulupirika amene amachigwiritsitsa, ndipo kubwera mochedwa kwa chiphunzitso sikuti pakokha kumachisandutsa bodza. Ine ndimapendekera kwa amene amayembekeza kubwera kumodzi, koma ndikhoza kukhala pa gome limodzi la Mgonero ndi mbale wosiyana nane pa mfundo imeneyi popanda kumuyesa wosochera.

Pamene sindingalolere ndi pa kutchula tsiku, chifukwa palibe ngakhale chimodzi mwa ziphunzitso zinayizi chimene chimapereka chilolezo chotero. Pa Mateyu 24:36 Yesu ananena kuti za tsiku ilo ndi ola lake sadziwa munthu, ngakhale angelo, koma Atate okha, ndipo pa Machitidwe 1:7 anauza ophunzira ake kuti si kwa iwo kudziwa nthawi ndi nyengo. Komabe anthu sanasiye kuwerengetsa. William Miller, mlimi wa ku New York, anatenga masiku 2,300 a pa Danieli 8:14 ngati zaka, ndipo omutsatira anakhazikika pa 22 Okutobala 1844, ena mpaka kusiya mbewu m'minda osakolola. Harold Camping wa wailesi ya Family Radio anatchula 21 Meyi 2011, n'kusunthira pa 21 Okutobala chaka chomwecho, ndipo mu 2012 anavomereza poyera kuti analakwa. Koopsa kwambiri kunali ku Kanungu m'dziko la Uganda, kumene gulu lina linalonjezedwa kuti dziko litha pamodzi ndi chaka cha 1999, ndipo lonjezolo litalephereka, anthu oposa 700 anafa mu 2000.

Tisaganize kuti izi n'zakutali kokha. Elliot Kamwana atabwerako ku South Africa mu 1908 analalikira uthenga wa Watch Tower pakati pa Atonga ku Nkhata Bay, nanena kuti mu 1914 ufumu wa Khristu udzafika ndipo msonkho udzatha. M'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000, ndipo boma la atsamunda linamuchotsa m'deralo mu 1909. Ine ndimaona kuti chimene chinakoka makamu amenewo sichinali masamu a ulosi, koma kulemera kwa msonkho ndi kunyozeka kwa munthu wakuda m'dziko lake lomwe. Zinali chimodzimodzinso mu 2025, pamene mtengo wa chimanga ndi wa feteleza unafika posauzana: munthu wotopa ndi moyo uno sachedwa kulandira uthenga womuuza kuti kwangotsala milungu iwiri.

Ngakhale m'nthawi ya atumwi vutoli linalipo. Mu 2 Atesalonika 2 Paulo akuchenjeza mpingo kuti usagwedezeke ndi mzimu, kapena mawu, kapena kalata yooneka ngati yachokera kwa iye, yonena kuti tsiku la Ambuye lafika. M'mutu wotsatira akudzudzula amene anasiya ntchito, n'kulamula kuti wosafuna kugwira ntchito asadyenso. Munthu yemweyo amene analemba za kukwatulidwa m'mitambo ndiye anauza Atesalonika kuti adzidyere thukuta lawo mwachete.

Pempho langa kwa inu, Mkonzi, n'lakuti tsiku lina likadzatchulidwanso, pakuti lidzatchulidwa ndithu, musadzangolemba kuti mneneri wakuti wanena zakuti. Mudzaike pambali pake mndandanda wa masiku amene anatchulidwa kale n'kudutsa, ndipo mtolankhani wanu adzamufunse mneneriyo ngati iye mwini wagulitsa galimoto yake, komanso ngati adzabweze zopereka za anthu dzuwa likadzatuluka tsiku lotsatiralo. Kwa abusa anzathu ndikuti tiphunzitse nkhaniyi m'makalasi a ubatizo ndi m'milaga, tikufotokoza mbali zonse moona mtima, m'malo moisiyira ma foni.

Mayi uja a mumlaga tinamusonkhera thumba limodzi la feteleza, ndipo achinyamata anakamuthandiza kugalauza mizere mvula itagwa kale. Kutchalitchi anayambiranso kubwera patapita milungu ingapo, koma amakhala pa benchi yakumbuyo, ndipo nyimbo yomaliza isanathe amakhala atatuluka.

Ine wowerenga wanu,
Mkulu wa mpingo, Dedza