Kwa mwana wanga ku Joni, za mchere umene sukuumva

Mwana wanga,

Mng'ono wako walephera kundibisira. Akuti unamuuza pa foni kuti nyemba unathira mchere katatu koma m'kamwa zimangokhala ngati ukutafuna udzu, ndipo umanena ukuseka. Ine sindinaseke, tulo sindinatione. Akutinso kambuzi ndinakutumizira uja sakuwawa. Tsabola ameneyo ndinathyola ndekha kuseri kwa khola, amatulutsa misozi ngakhale bambo ako. Tsabolayo alibe mlandu, thupi lako ndilo likulankhula.

Waiwala kale Januwale wa 2021? Bambo ako anakankhira mbale ya usipa pambali, amvekere ndiwo sizinakolere mchere. Ndinakwiya, zaka zonsezi ndikuwaphikira! Kutacha anatenga sopo wa Lifebuoy n'kumuika pamphuno, fungo osalimva ngakhale pang'ono. Mamina analibe, chifuwa analibe, mphuno zili pululu. Thupi linadzatentha patapita masiku awiri, anali matenda a korona. Ndi masiku omwe aja dziko linataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, pa 12 Januwale. Malume ako tinawaika mwezi womwewo, anthu ochepa, popanda kugona pa siwa. Iwonso ankati ndi kachimfine chabe.

Namwino amene ankaona bambo ako anandifotokozera, ndipo sindinaiwale. Pa chimfine wamba mphuno zimatsekeka ndi mamina, fungo limasowa podutsa, ukamina limabwerako. Koma korona amakagwira timaselo ta kumtunda kwa mphuno timene timasamalira mitsempha ya fungo, ndiye fungo limangothima mwadzidzidzi ngati nyali, mphuno zili zotsekuka. Lilime palokha limadziwa zochepa: mchere, kutsekemera, kuwawasa, kuwawa. Kukoma kwa nsinjiro kapena kwa nyama yootcha n'kwa mphuno. Tsono iwe ngati mcherewo ndi tsabola yemwe sukuzimva, usandiuze kuti ndi kutopa.

Tenga galasi uyang'ane lilime lako. Layera? M'kamwa mukuuma ngakhale wamwa madzi? Muli tizilonda? Bambo ako ankangoitanitsa madzi usiku wonse, malovu atatha. Zilonda za m'kamwa zimabwera ndi matenda ambiri, n'chifukwa chake ndikuti ukayezetse, m'malo momalota wekha m'nyumba. Ndipo usamvere anzako akuti korona anatha kapena kuti wa masiku ano salanda fungo. N'zoona mtundu wa Omicron, uja anaupeza kwanu konko mu Novembala 2021, umakonda kugwira pakhosi kuposa kulanda fungo, koma ena umawalandabe. Tizilombo tina ta chimfine timateronso.

Chimene chikundisowetsa mtendere kwenikweni n'chakuti ukupitabe ku ntchito. Ndimakudziwa iwe. Uli mtsikana unabisa chilonda cha pamwendo sabata yathunthu kuopa kujomba mayeso, mpaka ndinachizindikira ndi fungo. Lero ukubisira abwana kuopa kudulidwa malipiro. Gogo ukuwasamalirawo ali ndi zaka zingati? Umawadyetsa, umawasambitsa, umapumira pankhope pawo. Ukawapatsira udzayang'ana bwanji ana awo? Uwauze lero lomwe, uvale masiki, ukhale kunyumba mpaka utayezetsa. Ndalama ya malata ija isiye, denga ladontha zaka zitatu, silingatiphe chaka chino. Usanditumizire ndalama mwezi uno, wamva? Ndikaiona pa foni ndiibweza.

Mphuno zako pakali pano usazikhulupirire. Gasi wa sitovu akamatuluka sumumva, chinthu chikamapserera sudziwa. Usanagone gwira ndi dzanja uone kuti watseka. Ndiwo zogona ndi mkaka mufunse mnzako wa chipinda akununkhizire, kusasa kwake iwe sukuzindikira. Ndikudziwa Juni wa ku Joni amazizira kuposa wa ku Dedza, koma mbaula usalowetse m'chipinda chotseka. Mpweya wa makala ulibe fungo ngakhale kwa wa mphuno zabwino, umapha munthu ali m'tulo.

Idya ngakhale zisakome. Phala, nthochi, madzi ambiri. Ukayamba kubanika, kumva kuwawa pachifuwa, kapena mutu kusokonekera, usadikire kuti kuche, thamangira kuchipatala. Nthunzi ya bulugamu imangopepukitsa mphuno, kachilomboko siichotsa, tinaona ndi malume ako.

Fungo limabwerera, usade nkhawa kwambiri. Ambiri m'masabata ochepa, ena miyezi. Bambo ako zinawatengera miyezi iwiri, ndipo poyamba nyama yootcha inkawanunkhira ngati tayala lopsa, anthu tinaseka mpaka misozi. Namwino anawauza azinunkhiza zinthu za fungo lamphamvu m'mawa ndi madzulo, pang'onopang'ono, akukumbukira mmene zinkamvekera. Ine ndinkawaikira khoko la ndimu ndi masamba a bulugamu pa sosala. Tsiku lina anakuwa ali kubafa kuti sopo wamveka.

Ukayezetse mawa. Osati Loweruka, mawa. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndiimba, ndipo ndikufuna uyankhe wekha, usatume mnzako. Bambo ako akupereka moni, akuti kambuzi wina akuyanika.

Ndine mayi ako.