Kwa makasitomala athu: bokosi la Aetherdrift likubwera ndi mapaketi 30

Okondedwa makasitomala athu,

Moni nonse. Seti yatsopano ya makadi a masewera a Magic: The Gathering, yotchedwa Aetherdrift, ituluka pa 14 February 2025, ndipo masewera oyilawa isanatuluke, aja timawatcha prerelease, ayamba pa 7 February. Nkhani yomwe yatilembetsa kalatayi ndi ya bokosi. Bokosi la mapaketi a makadi otchedwa Play Booster lomwe munalizolowera limakhala ndi mapaketi 36. Kuyambira seti imeneyi, a Wizards of the Coast, omwe amapanga masewerawa, akuikamo mapaketi 30. Tati mumve kwa ife nthawi ikadalipo, kuopa kuti wina angatsegule bokosi lake kunyumba, n'kuwerenga, n'kuyamba kutikayikira kuti tasololamo mapaketi 6.

Paketi payokha sinasinthe. Muli makadi 14 osewerera monga zakhalira chiyambire Play Booster mu February 2024, pomwe mtundu umenewu unalowa m'malo mwa Draft Booster ndi Set Booster. Khadi losowa, la rare kapena mythic rare, simulephera kulipeza limodzi, ndipo mwayi ukakugwerani mutha kupeza mpaka anayi. Mtengo wa bokosi tiuwerengera pa mapaketi 30 omwe alimo, osati pa 36 akale. Inu amene munatiuza kalekale kuti seti iliyonse tizikusungirani bokosi limodzi, tiuzeni ngati bokosi latsopanoli likukwanirani kapena mukufuna tiwonjezerepo mapaketi 6 apadera kuti chiwerengero chanu chikhale chomwe chija.

Pomwe patizunguza mutu ndi pa draft, kaseweredwe kaja komwe aliyense amasankha makadi m'mapaketi otsegulidwa pomwepo n'kupanga deki, mulu wa makadi omwe asewere nawo.

Amene mumabwera madzulo a draft mukudziwa mmene bokosi lakale linkakwanira ndendende. Anthu 8 pa tebulo, aliyense mapaketi atatu, ndi 24 amenewo. Otsala 12. Timasewera maulendo atatu, ulendo uliwonse awiriawiri magulu anayi, ndiye kuti usiku wonse pamakhala kupambana 12. Kupambana kulikonse paketi imodzi, bokosi latha, palibe chotsala, palibe chosowa. Bokosi la mapaketi 30 likaperekedwa kwa anthu 8, pamatsala 6 basi.

Tinakhala pansi n'kuwerengera. Njira yosavuta inalipo: amene wapambana maulendo onse atatu atenge mapaketi atatu, anthu atatu opambana kawiri atenge imodziimodzi, 6 aja akwana. Pa pepala zinaoneka bwino. Koma titayang'ana amene atsale manja lendee, tinapeza kuti ndi theka la tebulo, ndipo nthawi zambiri ndi anthu omwe angoyamba kumene. Taona kambirimbiri munthu amene wabwera kachiwiri kapena kachitatu, wagonja maulendo awiri, kenaka ulendo womaliza n'kupambana. Paketi imodzi ija amaitsegula pomwepo, anzake atamuzungulira, ndipo sabata yotsatira amabweranso. Kumulanda paketi imeneyo sitingathe. Kukweza ndalama yolowera nakonso takana, chifukwa pa draft mumabweranso ana asukulu.

Choncho lamulo lathu la paketi imodzi pa kupambana kulikonse likhalapobe. Kungoti madzulo asanu a draft, omwe kale ankadya mabokosi asanu, tsopano azidya mabokosi 6, popeza mapaketi ofunika ndi 180 omwe aja. Amene amatitumizira katundu amawerenga mabokosi, sawerenga mapaketi, ndipo gawo lomwe tikuyembekezera pa ulendo woyamba silikuposa la nthawi zonse. Draft ikatenga ochuluka, ogulitsa pashelefu achepa. Kusintha kwenikweni komwe kukukhudzani kwachokera pamenepa.

M'masabata awiri oyamba seti itatuluka, munthu mmodzi azigula mabokosi a Play Booster osaposa awiri. Tikudziwa kuti ena mwa inu mumatenga anayi kapena asanu tsiku loyamba, ena kuti mutsegule pofunafuna khadi lomwe mtima wanu uli pomwepo, ena kuti musunge osatsegula. Sitikuona cholakwika pa zimenezo, ndipo ambiri mwa inu ndi amene mwatigwira dzanja zaka zonsezi. Tikungopempha kuti mudikire katundu wa ulendo wachiwiri. Akangofika, malire amenewa tiwachotsa, ndipo amene munalembetsa mabokosi owonjezera tiyamba kukuimbirani inu.

Chinanso, sitilandira ndalama ya munthu aliyense mpaka titatsimikiziridwa chiwerengero cha mabokosi omwe akubwera. Mutha kulembetsa dzina lero, tikusungirani malo pamndandanda motsatana ndi tsiku lomwe mwalembetsa, koma kulipira mudzalipira tikakuuzani kuti bokosi lanu lilipo. Izi taphunzira movutikira. Chaka chatha tinalandira ndalama za mabokosi ambiri kuposa omwe anafika, ndipo ena mwa inu munadikira masabata angapo ndalama zanu zili kwa ife, katundu palibe. Kulakwa kunali kwathu, tinalonjeza chinthu chomwe chinali chisanafike m'manja mwathu. Amene zinakugwerani, tikupepesanso.

Wina afunsa kuti bwanji osangoitanitsa mabokosi ambirimbiri. Sitolo yaing'ono ngati yathu imayenda ndi ndalama yomweyomweyo, ikagona pashelefu ndiye kuti seti yotsatira tilephera kuitanitsa. Ogulitsa makadi akale amakumbukirabe za Fallen Empires, seti ya mu 1994. Masiku amenewo masitolo ankalandira kagawo chabe ka zomwe aitanitsa, ndiye anazolowera kulemba chiwerengero chokokomeza kuti kagawoko kakule. Pa seti imeneyo katundu anabwera yense monga analembera, ndipo mabokosi anaunjikana m'masitolo kwa nthawi yaitali opanda owagula. Ife timaitanitsa zomwe tikudziwa kuti tingalipire ndiponso kugulitsa.

Prerelease sikukhudzidwa ndi zonsezi. Aliyense amalandira kabokosi kakekake komwe muli mapaketi 6, khadi lonyezimira limodzi ndi dayisi yowerengera mapointi a moyo, n'kupanga deki ya makadi 40 pomwepo. Mabokosi ang'onoang'ono amenewa amabwera padera, sachokera pa aja tikuwaikira malire. Malo okha ndi amene ali ochepa, ndiye lembetsani msanga.

Tisatseke kalata tisananenepo za seti yeniyeniyo, chifukwa ife tomwe tikuidikira ndi mtima wonse. Nkhani yake ndi ya mpikisano wa liwiro wotchedwa Ghirapur Grand Prix, wa matimu 10, wodutsa m'maiko atatu a m'masewerawa: Avishkar, lomwe kale linkadziwika kuti Kaladesh, Amonkhet ndi Muraganda. Amene munasewera Kaladesh mu 2016 mukukumbukira kuti makadi a Vehicle, aja a magalimoto, anayambira kumeneko, ndipo mu seti ino adzaza tho. Pali lamulo latsopano la liwiro. Khadi lolembedwa kuti Start your engines! likafika pa tebulo, liwiro lanu limayamba pa 1, ndipo limakwera kamodzi pa ulendo wanu uliwonse ngati amene mukulimbana naye wataya mapointi a moyo pa ulendowo, mpaka kufika pa 4. Makadi ena amaonetsa mphamvu zawo zonse pokhapokha mwafika pa 4 pamenepo. Ndiye kuti deki yongokhala phee kudikira mnzako alakwitse sipindula nalo lamuloli, pafunika makadi a tizilombo ting'onoting'ono totha kubaya msanga ndiponso kawirikawiri. Palinso exhaust, mphamvu yomwe khadi limagwiritsa ntchito kamodzi kokha, ndipo luso lonse lagona pa kudziwa nthawi yoyenera kuitulutsa.

Kwa amene mukubwera ku prerelease koyamba, langizo lathu ndi ili. Ma Vehicle amakopa maso, manambala ake ndi aakulu poyerekeza ndi mana omwe amafuna (mtengo woikira khadi pa tebulo), koma galimoto siyenda yopanda woyendetsa. Vehicle imadzuka pokhapokha mwagonetsa zilombo zanu zomwe mphamvu zake pamodzi zikukwana nambala ya crew yolembedwa pa khadi. Mukadzaza deki ndi magalimoto n'kuchepetsa zilombo, mudzapezeka muli ndi tebulo lodzaza koma palibe chokutchinjirizani. Yambani ndi makadi a land, aja opereka mana, pafupifupi 17, zilombo zokwanira, kenaka ma Vehicle ochepa osankhika. Mukasowa pogwira popanga deki, itanani mmodzi wa ife, tidzakhala tikuzungulira m'matebulo mpaka aliyense atamaliza.

Amene muli kale pamndandanda wa bokosi la seti iliyonse, yankho lanu pa nkhani ya mapaketi 6 owonjezera litipeze pasanafike pa 7 February, kuti tiwapatule mabokosi asanatsegulidwe. Ngati malire a mabokosi awiri akusokonezani pa chifukwa chapadera, mwachitsanzo mumagulira gulu la anzanu omwe mumasewera nawo draft kunyumba, tiuzeni tikambirane, popeza bokosi limodzi logulira anthu 8 silifanana ndi la munthu mmodzi.

Zikomo kwambiri chifukwa chopitiriza kugula ndi kusewera nafe.

Ndife anu,
Eni sitolo ndi onse ogwira nafe ntchito