Land Rover yosinthidwa injini: yambani mwagona pansi pake musanailize

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi anthu amene akufuna kugula Land Rover zakale za Series III zomwe zinaikidwa injini ina. Galimotozi zinapangidwa pakati pa 1971 ndi 1985, ndipo zikadalipo m'magalaja, m'mamishoni ndi m'maesiteti, zina zikulowa kuchokera ku South Africa. Wogulitsa amatsegula boneti, n'kukuonetsani injini ya 200Tdi yochotsedwa mu Discovery kapena V6 ya Ford, n'kuiliza, n'kuponda mafuta kawiri, wogula mtima n'kukhala m'malo. Chimene chimandiwawa n'chakuti nthawi zambiri injiniyo ndi yokhayo imene ili bwino pa galimoto yonseyo. Ndalama zanu zidzathera pa zitsulo zimene zili kumbuyo kwake ndi pansi pake, zimene anazisiya mmene zinalili pamene mphamvu yozikankha yakula.

Injini yake yobadwa nayo, ya petulo ya malita 2.25, imatulutsa horsepower pafupifupi 70, ndipo mphamvu yake yopotokola shafti, imene amakaniko amati torque, ndi pafupifupi 160 Nm. 200Tdi ya mu Discovery imatulutsa horsepower 111 ndi torque yopitirira 260 Nm, ndipo torque yonseyo imafika injini ikungozungulira ka 1,800 pa mphindi, pomwe dalaivala akunyamuka kapena akukwera phiri ndi katundu. Giyabokosi, mashafti ndi mabuleki a Series III anawapangira 160 ija. Funso lofunsa wogulitsa ndi ili: mutasintha injini, munasinthanso chiyani?

Muuzeni mwini wake asailize musanafike, ndipo mukafika gwirani injiniyo ndi dzanja mutsimikize kuti ndi yozizira. Koma kiyi adikire kaye. Tengani tochi ndi kahamala, mugone pansi. Bodi ya Land Rover ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri, choncho imaoneka yabwino ngakhale chasisi yachitsulo imene yainyamula itafumbwa. Gogodani chasisi yonse. Chitsulo chamoyo chimalira mokweza, chowola chimangoti phu n'kugwetsa makoko a dzimbiri. Imayamba kuwola pa chitsulo chopingasa chakumbuyo kwenikweni, pa timikono totuluka m'mbali tonyamula bodi, ndi pamene masipuling'i amamangidwa. Penti wakuda watsopano pamalo amenewa muzimukanda ndi sikuludalaiva. Kwezaninso mphasa za kumapazi, poti khoma lolekanitsa injini ndi anthu nalonso ndi lachitsulo.

Muli pansi pomwepo, yang'anani kumanzere kwa injini. Turbo ya 200Tdi ya mu Discovery imakhala m'munsi ndipo imalimbana ndi chasisi, makamaka pa Series III yaitali, yotchedwa 109 (yaifupi imatchedwa 88). Ena amadula chasisi ndi galainda kuti turbo ilowe. Ngati anadula, pakhale chitsulo chokhuthala ngati cha chasisiyo, chowotcherera kuzungulira konse. Mukapeza bowo losiyidwa pululu kapena chigamba chomata ndi timadontho ta welodi, dziwani kuti chasisi idzang'alukira pomwepo. Onaninso pansi pa sampu ndi pa propushafti yakutsogolo, shafti yopititsa mphamvu ku ekiselo. Malo onyezimira ngati opalidwa akusonyeza kuti zitsulo zimagundana galimoto ikalowa m'dzenje, ndipo sampu ikabooka oyilo yense amatha musanazindikire.

Mashafti a matayala akumbuyo ndi amene amathyoka kawirikawiri. Ekiselo wamba wa Rover ali ndi mashafti a mano 10 kumapeto kolowa mu difu (magiya a pakati pa ekiselo), ndipo mashafti amenewa ankathyoka ngakhale ndi injini yakale. Ubwino wake, kuwaona n'kosavuta. Masulani mabawuti 6 a pakati pa gudumu lakumbuyo, shafti imasololoka osakweza n'komwe galimoto. Ipukuteni muone mano akumapeto. Ayenera kukhala owongoka ngati mizere ya m'kope. Akayamba kupendekera mbali imodzi ngati chingwe chopota, shaftiyo yapotoka kale, yatsala n'kuduka. Ntchito imeneyi ndi ya mphindi khumi, ndipo wogulitsa amene akukana kuti muichite muzimufunsa chifukwa chake. Ma 109 ambiri ali ndi ekiselo wa Salisbury kumbuyo, wa mano 24, wolimba kwambiri. Mudzamudziwa ndi chivindikiro chomanga ndi mabawuti kumbuyo kwa difu, pomwe wa Rover kumbuyo kwake ndi mbale yowotcherera.

Kenako werengani madifu. Series III inabwera ndi madifu a 4.7 (propushafti imazungulira ka 4.7 kuti matayala azungulire kamodzi), ndipo ndi matayala a 7.50x16 injini imakhala ikuzungulira pafupifupi ka 3,600 pa mphindi kuti galimoto ifike makilomita 100 pa ola. Kwa dizilo kumeneko n'kukuwa. N'chifukwa chake ambiri amaika madifu a 3.54 a Range Rover yakale, amene amatsitsa chiwerengerocho kufika pafupifupi 2,700. Palibe cholakwika pamenepo, bola asinthe onse awiri. Vuto ndi la munthu amene anapeza difu imodzi n'kuiika kumbuyo kokha. M'tauni galimotoyo imayenda bwinobwino chifukwa imakankha ndi matayala akumbuyo okha. Tsiku limene mudzatsindike kandodo kachikasu m'matope kuti matayala onse anayi akankhe, matayala akumbuyo adzafuna kuzungulira kanayi pamene akutsogolo azungulira katatu, ndipo galimotoyi ilibe difu yapakati yoti iwayanjanitse. Chofooka kwambiri pakati pa shafti, difu ndi transfer box (bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) ndicho chidzasweke.

Kuyesa kwake n'kotere. Tsekerani matayala ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo, musanyozere, chifukwa handibuleki ya galimotoyi imagwira propushafti, sigwira matayala, ndiye mukakweza tayala limodzi lakumbuyo galimoto imatha kugubuduka ngakhale handibuleki ili yokoka. Ikani giya pa fili, masulani handibuleki, kwezani tayala limodzi ndi jeke, lembani choko pa tayala ndi pa propushafti. Zungulitsani tayalalo kawiri ndendende mukuwerenga propushafti. Ikazungulira pafupifupi kasanu, difuyo ndi 4.7, ikazungulira katatu ndi theka, ndi 3.54. Chitaninso kutsogolo, mutatseka mahabu ngati ali otsekula. Ziwerengero ziwirizo zifanane. Dziwaninso kuti ndi madifu a 3.54 sipidomita imanama ngati sanaikonze: ikamaloza 75, inu muli pa 100. Iyerekezeni ndi GPS ya pafoni.

Giyabokosi imayesedwa pamsewu. Mu giya yachiwiri ndi yachitatu, pondani mafuta mwamphamvu kenako muchotse phazi mwadzidzidzi, makamaka potsetsereka. Ndodo ikalumpha yokha kubwerera pa fili, mkati mwatha. Mverani kulira: kukamveka mu giya yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu koma n'kutha mu yachinayi, ndi mabering'i a layshaft, shafti yam'mbali ya m'kati mwa giyabokosi, chifukwa mu yachinayi mphamvu imadutsa molunjika osadzera kumeneko. Tapaniko oyilo pang'ono m'chikho muone padzuwa. Tinyenyeswa tachikasu ndi mkuwa wa masinkiro, ndipo nthawi zina amatha msanga chifukwa chothira oyilo wa GL5 m'malo mwa EP90 wa GL4. Pa V6, pakati pa injini ndi giyabokosi pamakhala mbale yolumikizira. Ikakhala yosula mwachisawawa, injini ndi giyabokosi sizikhala pa mzere umodzi, ndipo mudzamva kilachi ikunjenjemera ponyamuka.

Za mabuleki ndiye ndikupemphani musachite nazo manyazi. Galimotoyi ili ndi mabuleki a madiramu kumatayala onse anayi, a mainchesi 10 pa 88 zambiri ndi 11 pa 109, ndipo anawapangira galimoto yoyenda pang'onopang'ono. Injini yatsopano imaifikitsa pa liwiro limene mabulekiwo sanaliganizire, ndipo madifu a 3.54 amachepetsanso mphamvu ya injini yogwira galimoto potsika. Ganizirani mukutsika mapiri kuchokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa, kapena msewu wa Masasa kutsikira ku Golomoti, kumbuyo muli matumba a chimanga. Madiramu akatentha amafutukuka, pedulo imapita pansi, galimoto osaima.

Yesani servo, chipangizo chowonjezera mphamvu ya phazi pa buleki, motere: injini ili yozima, pondani buleki kasanu mpaka pedulo ilimbe, igwireni choncho, n'kuliza injini. Pedulo iyenera kutsika pang'ono pansi pa phazi lanu. Ikapanda kutsika, servo sikugwira ntchito. Izi zimachitika kwambiri pa galimoto zimene zinachoka pa petulo kupita pa dizilo, chifukwa injini ya petulo imakokera servo mpweya kudzera pa manifold, pomwe ya dizilo imadalira kapampu kake, ndipo paipi ya kapampuko ena amaiwala kuilumikiza kapena imakhala yong'ambika. Werengani mapaipi otuluka pa master cylinder, pampu imene pedulo ya buleki imakankha. Ikakhala imodzi yokha, ndiye kuti paipi iliyonse ikaphulika mabuleki onse anayi atha nthawi imodzi; pa galimoto yowonjezeredwa mphamvu pafunika ya njira ziwiri. Chotsani diramu imodzi kutsogolo ndi ina kumbuyo. Mashuzi onyowa ndi oyilo wotuluka pa silo ya habu sagwira, ndipo ndiwo amakokera galimoto mbali imodzi mukaponda buleki. Ngati anaika madisiki kutsogolo, funsani kuti makalipa ndi mapadi ndi a galimoto yanji, kuti mudzadziwe chokagula.

Mukatha kuona pansi mukhoza kuiliza koyamba; zoyesa pamsewu ndi za servo zija zibwere pambuyo pa izi. Musanatero, tsegulani chivindikiro cha radiyeta madzi ali ozizira, ndipo ikalira muyang'ane m'madzimo. Thovu lotuluka mosalekeza ndi mpweya wa m'masilinda wodutsa pa gasiketi ya hedi. Hedi ya 200Tdi ndi ya aluminiyamu, imapindika injini ikawira. Masulani chivindikiro cha oyilo muchisiye pamwamba pa bowo: chikamavina pang'ono palibe vuto, chikamaponyedwa ndi utsi wamphamvu ndiye kuti maring'i atha. Utsi wabuluu ndi oyilo, wa m'maring'i kapena wa mu turbo. Utsi woyera wosatha injini itatentha ndi madzi kapena taiming'i yolakwika. 200Tdi imayendetsa camshaft ndi lamba, ndipo lambayo akaduka mapushirodi amapindika. Popanda umboni wa tsiku limene anasinthidwa, werengerani mtengo wa lamba ndi tensioner. Pa V6 ya Ford yamtundu wa Essex, yesani kompuresheni pa masilinda onse 6, asasiyane kupitirira 10 peresenti, ndipo funsani ngati giya ya taiming'i ya mano a fibre inasinthidwa, chifukwa manowo amagumuka. Petulo wathu ndi wosakaniza ndi ethanol, amene amadya mapaipi akale a labala, choncho apindeni ndi zala muone ngati akung'aluka.

Geji ya kutentha musaikhulupirire msanga. Sensa ya injini yatsopano ndi geji yakale ya Series sizimvana nthawi zonse, moti singano imatha kukhala pakati injini ikupsa. Bwerekani kachipangizo koyezera kutentha ndi kuwala, muloze pamene pali thermostat mutakwera phiri lalitali ngati la ku Zomba kupita ku Ku Chawe. Pazikhala pafupi ndi madigiri 90. Mukafika pamwamba isiyeni ikulira chiimire mphindi 15. Thermostat yochotsedwa ndi fani yamagetsi yoyatsa ndi switchi ya pa dashibodi ndi zizindikiro zoti galimotoyo inkawira ndipo wina anangobisa matendawo.

Mawaya muwaone ndi diso lamantha. Series III ili ndi mafyuzi anayi okha, pansi pa chiwongolero. Amene anawonjezera fani, magetsi akutsogolo ndi ma glow plug ayenera kuti anaikanso mafyuzi ndi marile ake. Waya wofiira wochoka pa batire, wolumikiza mopota n'kukulunga tepi, wodutsa pa bowo la chitsulo popanda kalabala, ndi moto umene ukudikira tsiku, ndipo pa galimoto zambiri zamtunduwu thanki ya mafuta ili pansi pa mpando.

Nambala ya chasisi inadindidwa pa chitsulo chonyamula sipuling'i yakutsogolo kudzanja lamanja, ndipo ilinso pa kambale ka m'kati mwa galimoto. Ziwirizi zifanane ndi zimene zili mu blue book. Pamalo a nambalayo mukapeza zowotcherera kapena zopala ndi galainda, isiyeni galimotoyo. Nambala ya injini nayo ikhale ya injini imene ilimo lero, ndipo ngati bukulo likunenabe petulo pomwe mu boneti muli dizilo, mudzavutika pa COF, ndipo a inshulansi akhoza kukana kulipira pa ngozi chifukwa galimoto imene anailemba si imene yachita ngoziyo. Funsani lisiti ya kumene injiniyo inagulidwa. Pa galimoto yochokera ku South Africa, onani chikalata cha apolisi cha SARPCCO ndi mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho unalipiridwa. Kusintha nambala ya injini m'buku achite wogulitsa ku Road Traffic galimoto ikadali m'dzina lake, inu muli pomwepo, musanapereke ndalama.

Makaniko wa magalimoto akale,
Blantyre