Kalata kwa Makolo pa Kutha kwa Teremu Yoyamba

Okondedwa makolo ndi nonse amene mukulera ana a pasukulu pano,

Landirani moni wochokera kwa aphunzitsi ndi komiti ya sukulu. Ana amaliza mayeso, ndipo malipoti awo abwera nawo pamodzi ndi kalatayi. Chonde musangoona nambala imene mwana wakhala m'kalasi n'kupinda pepalalo. Werenganinso ndemanga za aphunzitsi.

Nkhani imene yautsa mapiri pachigwa teremu ino ndi ya magulu owerengera. Kuyambira Sitandade 2 mpaka 4, ola loyamba la m'mawa ana sakukhala monga mwa kalasi yawo, koma monga mwa pamene afika pa kuwerenga: ena akadali pa malembo ndi maphatikizo, ena akulumikiza mawu, ena akutha nkhani yathunthu. Makolo ena mwabwera ku ofesi, ena mutapsa mtima ndithu, kudzafunsa chifukwa chimene mwana wa Sitandade 4 akukhalira pamodzi ndi tiana ta Sitandade 2. Funsolo n'lomveka, ndipo ndiliyankha kudzera m'mbiri ya Philipp Melanchthon, munthu amene ana anamva dzina lake pa 31 Okutobala, tsiku limene mpingo wa Lutheran, womwe ndi mwini sukuluyi, umakumbukira kukonzedwanso kwa mpingo.

Martin Luther, amene anayambitsa kukonzedwanso kwa mpingoko, timamudziwa tonse. Mnzake Philipp Melanchthon, amene anatsogolerapo yunivesite ya Wittenberg ndipo kwawo ku Germany amamutcha mphunzitsi wa dziko lonselo, kuno sadziwika kwenikweni. Ambiri mwa inu ndinu a mipingo ina, ena ndinu Asilamu, ndiye musaganize kuti ndayamba kulalikira. Melanchthon sanadzozedwepo ubusa. Ntchito yake, kuyambira ali mnyamata mpaka kumwalira, inali ya m'kalasi.

Anabadwa mu 1497 m'tauni ya Bretten, ndipo bambo ake anali mmisiri wosula zovala zachitsulo za kunkhondo. Mu Okutobala 1508 agogo ake aamuna ndi bambo ake anamwalira motsatizana, iye ali ndi zaka 11. Maliro otere ndi amene amatsekera ana ambiri sukulu, ngakhale kwathu kuno. Koma abale anamutumiza ku Pforzheim kuti akapitirize maphunziro, ndipo wachibale wina wophunzira kwambiri, Johannes Reuchlin, ataona nzeru za mnyamatayo anamupatsa buku la galamala ya Chigiriki. Mu 1509 analowa yunivesite ya Heidelberg ali ndi zaka 12, mu 1511 n'kutenga digiri yoyamba. Atafuna yachiwiri anamukaniza, akuti wachepa msinkhu. Anasamukira ku Tübingen ndipo anakaipeza kumeneko mu 1514.

Akuluakulu a ku Heidelberg anawerenga zaka za mwanayo m'malo moyesa zimene ankadziwa. Ifenso timalakwitsa chimodzimodzi, kungoti ife timapita mbali inayo: timakweza mwana kalasi poti watalika, pamene dzina lake lomwe sangathe kuliwerenga pabolodi.

Mu 1518, ali ndi zaka 21, Melanchthon anaitanidwa kukaphunzitsa Chigiriki ku Wittenberg, yunivesite yomwe inali itangotsegulidwa mu 1502. Anali wamfupi, wowonda, ndipo lilime lake silinkatulutsa bwino mawu ena, moti omuona koyamba anagwa ulesi. Anasintha maganizo atamva phunziro lake loyamba pa 29 Ogasiti, lonena za kukonza maphunziro a achinyamata. Luther anali m'gulu la omvetsera, ndipo ubwenzi wawo unayambira pomwepo. Anaphunzitsa pa yunivesite imeneyo zaka pafupifupi 42 mpaka imfa yake mu 1560, ngakhale kuti malo ena ankamukopa.

Zaka zotsatira zinali zowawa kwa sukulu. Kale kholo linkatumiza mwana kusukulu poyembekezera kuti adzakhala wansembe kapena adzalowa m'nyumba ya amonke, kumene sakanagona ndi njala. Nyumba zimenezo zitayamba kutsekedwa chifukwa cha kukonzedwanso kwa mpingo, makolo ambiri anati sukulu ilibenso phindu, bola mwana aphunzire malonda kapena luso la manja. Ophunzira anachepa m'mayunivesite. N'chifukwa chake mu 1524 Luther analembera makhonsolo a mizinda kuti atsegule sukulu, ndipo mu 1530 analembanso ulaliki wolimbikitsa makolo kusunga ana pasukulu. Luther ankadzudzula ndi mawu amphamvu; ntchito yokhala pansi n'kukonza kuti Lolemba m'mawa mphunzitsi aphunzitse chiyani inagwera Melanchthon. Atasankhidwa kukhala mkulu wa yunivesite mu 1523, anafuna kuti wophunzira aliyense akhale ndi mphunzitsi womuyang'anira ndi kumusankhira zoyamba kuphunzira, komanso kuti ophunzira aziyesera kulankhula pagulu. Ataona kuti anyamata ena akufika Chilatini chawo chili chosakhwima, anatenga ena n'kumawaphunzitsa m'nyumba mwake momwe. Tangoganizani, mkulu wa yunivesite akubwerera ku galamala ya oyamba kumene! Mu 1526 anakatsegulira sukulu yatsopano mumzinda wa Nuremberg, ndipo ilipobe mpaka lero.

Chimene chikukhudza mwachindunji madandaulo anu chinalembedwa mu 1528. Melanchthon anali m'gulu la oyendera mipingo ndi sukulu za chigawo cha Saxony, ndipo zimene anapeza zinali zomvetsa chisoni. M'malangizo amene analemba, anapempha aphunzitsi kuti asasenzetse ana mabuku ambirimbiri, ndiponso asawaunjikire zilankhulo zambiri pofuna kudzionetsa kuti iwo ndi ophunzira. Kenako anati ana agawidwe m'magulu atatu. Gulu loyamba linali la ophunzira kuwerenga ndi kulemba. Lachiwiri linali la amene atha kuwerenga, ndipo iwo ankalimbana ndi galamala komanso nthano zakale za Chigiriki za Aesop. Lachitatu linali la amene galamala yawakhazikika, ndipo okhawo ndi amene ankapatsidwa mabuku ovuta. Chokwezera mwana chinali kudziwa. Masana ola loyamba onse ankaphunzira kuimba, ndipo tsiku limodzi pa sabata linali la maphunziro a chikhristu.

Si zonse za m'malangizowo zimene ndikugwirizana nazo. Iye anafuna kuti ana aphunzitsidwe Chilatini chokha, osati Chijeremani chimene ankalankhula kunyumba, ndipo sukulu zimene ankakonzazo zinali kwenikweni za anyamata. Pano mwana amayamba kuwerenga m'Chichewa chimene amachimva, Chingerezi n'kumakwera pamwamba pake, ndipo mtsikana ali ndi malo ofanana ndi a mlongo wake. Koma pa mfundo yoti mwana asathamangitsidwe kupita patsogolo zoyamba zisanamulowe, ndikuona kuti analondola. Khoma la njerwa zosapsa limaoneka bwino m'chilimwe, mvula ikabwera ndi pamene mwini nyumba amalira. Mwana amene wafika Sitandade 5 asakutha kuwerenga amangokopera za pabolodi osamva kanthu, ndipo vutolo limadzaonekera pa mayeso a MANEB a Sitandade 8, nthawi yokonza itatha.

Tsono dziwani izi. Palibe mwana amene wabwezedwa kalasi. Ola lowerengera likatha, aliyense amabwerera m'kalasi mwake. Gulu silokhalitsa: mwana akangoonetsa kuti wadziwa, amasamukira gulu lotsatira osadikira kutha kwa chaka, ndipo ena asamuka kale teremu yomwe ino. Za kunyozana taziletsa, ndipo ngati mwana wanu akusekedwa chifukwa cha gulu lake, bwerani mudzatiuze. Inunso kunyumba musamutche mbuli. Pa lipoti lililonse aphunzitsi alembapo gulu limene mwana ali ndi chimene chikumuvuta.

Melanchthon analembaponso za mavuto a aphunzitsi, kudandaula za ana amene thupi lili m'kalasi koma maganizo ali kwina, amene lero waphunzitsa mawa aiwala. Nditawafotokozera aphunzitsi athu zimenezi anaseka, akuti ndiye kuti vutoli ndi lakalekale. Ndikuwathokoza chifukwa magulu amenewa awonjezera ntchito yawo popanda kuwonjezera malipiro.

Pa tchuthichi, muuzeni mwana azikuwerengerani mokweza tsiku lililonse, ngakhale kwa kanthawi kochepa. Ngakhale inuyo musadziwe kuwerenga, khutu lanu limva pamene akukakamira. Buku la nyimbo, Baibulo, nyuzipepala yakale, zonsezo ndi zothandiza. Ndikudziwanso kuti teremu yachiwiri imakumana ndi kupalira, kubandira ndi njala, ndipo ndi nthawi imene ana amajomba kwambiri, ena kupita kuganyu. Ngati pakhomo zinthu zavuta, kapena pagwa maliro ngati aja a ku Bretten, musangomusiyitsa mwana mwakachetechete. Tiuzeni, kuti komiti ndi gulu la amayi tione chochita.

Tsiku lotsegulira sukulu lalembedwa pansi pa lipoti la mwana. Makolo a ana a Sitandade 8 tidzakumana sabata yoyamba kuti tikambirane za maphunziro a masana. Mabuku onse a sukulu amene ana abwereka abwere nawo atawakutira.

Ndikufunirani Khirisimasi yabwino ndi mvula yokwanira.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu