Kompyuta ndi mfundo ya dzanja yochitidwa opaleshoni

Akonzi,

Munthu akatsamira dzanja, fupa la radius (la pakati pa chigongono ndi dzanja, mbali ya chala chachikulu) limasenza pafupifupi 80 peresenti ya kulemerako, fupa linzake la ulna (la mbali ya kachala kakang'ono) n'kusenza 20. Koma ulna ikatalika ndi mamilimita 2.5 okha poyerekeza ndi radius, katundu wake amakwera kufika pafupifupi 40 peresenti, ndipo ululu umayamba mbali ya kachala kakang'ono.

N'chifukwa chake ndikupempha madokotala a mafupa kuti aziyamba ayeza pa kompyuta asanadule fupa la ulna kuti alifupikitse. Amatenga zithunzi za CT (makina ojambula m'kati mwa thupi ndi X-ray), kompyuta n'kugawa fupalo m'tizidutswa tambirimbiri, kenaka n'kuwerengera pomwe pakupanikizika.

Chenjezo langa ndi ili: CT sionetsa bwino kamnofu koterera kokuta nsonga za mafupa, ngakhalenso minyewa yomanga mafupa 8 a pamfundopo. Woyeza akangoganizira makulidwe a kamnofuko molakwika, zotsatira zonse zimasokonekera, choncho aziphatikizapo zithunzi za MRI (makina ojambula ndi mphamvu ya maginito), zomwe zimaonetsa bwino minofu.

Ine wanu,
Wowerenga